Kugulira pamodzi makabati ndi mashelefu a m'maofesi a boma ku Mulanje

Kugulira pamodzi ndi njira imene maofesi angapo a boma amaphatikiza zosowa zawo n'kugula katundu wofanana nthawi imodzi, m'malo moti ofesi iliyonse izikagula payokha. Katundu wosungiramo zinthu, monga makabati a zitseko, makabati a madirowa oikamo mafayilo ndi mashelefu, amagulika bwino mwa njira imeneyi chifukwa sukulu, chipatala ndi ofesi ya zaulimi zonse zimafuna zinthu zofanana ndithu. Nzeru yake si yachilendo kwa Amalawi. Ndi yomwe ija amachita amayi a geni akasonkherana ndalama kuti mmodzi akapikule katundu ku Limbe, kapena aphunzitsi a pasukulu imodzi akagula ng'ombe ya Khirisimasi n'kugawana nyama. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama za boma ndi za misonkho, choncho kagulidwe kake kamatsata lamulo, ndipo chilichonse chimayenera kulembedwa.

M'boma la Mulanje nkhaniyi imakhudza zinthu zitatu: nyengo ya chinyezi imene imawononga mapepala, kutha kwa mtengo wa mkungudza umene kale unkapereka matabwa olimba, ndi funso lakuti ntchito yopanga katunduyo ipite kwa makampani akuluakulu a ku Blantyre kapena kwa akalipentala a m'bomalo.

Maofesi amene amagula

Mulanje ndi boma la m'chigawo chakummwera, kumalire ndi dziko la Mozambique. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'bomali muli anthu 684,107. Phalombe inali mbali ya Mulanje mpaka mu 1998 pamene inakhala boma palokha. M'chaka chomwecho nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la maboma ang'ono, lomwe linayamba kusamutsa mphamvu ndi ndalama kuchoka ku malikulu a maunduna kupita ku makhonsolo. Chifukwa cha ichi, nthambi monga maphunziro a pulayimale, zaumoyo, zaulimi ndi chisamaliro cha anthu zili pansi pa khonsolo ya Mulanje, imene ntchito zake za tsiku ndi tsiku amaziyang'anira ndi bwanamkubwa.

Sikuti maofesi onse a m'bomali ali m'thumba limodzi. Khoti ndi polisi amayendera ndalama za kumalikulu awo. Sukulu za sekondale zimayang'aniridwa ndi chigawo cha maphunziro cha Shire Highlands, chomwe chimaphatikiza Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu. Chipatala cha Mulanje Mission ndi cha mpingo wa CCAP, Sinodi ya Blantyre, ndipo chili m'bungwe la CHAM, kotero kagulidwe kake n'kosiyana ndi ka chipatala chachikulu cha boma. Ngakhale sukulu za pulayimale zili ndi kathumba kawo: kuyambira cha m'ma 2010 boma limatumiza ndalama zotukulira sukulu ku akaunti ya sukulu iliyonse, ndipo komiti ya sukulu ndi ya makolo ndi aphunzitsi ndi zimene zimagwirizana chogula. Maofesi awiri oyandikana mpanda angathe kugula kabati yofanana m'mwezi umodzi, kwa ogulitsa osiyana, pa mitengo yosiyana, aliyense n'kulipira galimoto yakeyake.

Mvula, chiswe ndi mapepala

Munthu angaone ngati kabati ndi kanthu kakang'ono poyerekeza ndi mankhwala kapena mabuku. Koma ntchito zambiri za boma ku Malawi zikadali za papepala. Pachipatala chaching'ono monga cha Chonde, Chambe kapena Mimosa pamakhala mabuku a kaundula a sikelo ya ana ndi ya amayi oyembekezera, makadi olembapo mankhwala olowa ndi otuluka, komanso makadi a anthu olandira mankhwala otalikitsa moyo, amene amatsala pachipatala pomwepo ndipo ndi achinsinsi. Pasukulu pamakhala kaundula wa ana, mabuku ophunzirira, zotsatira za mayeso ndi malisiti a ndalama zotukulira sukulu. Ku khonsolo kuli mafayilo a ogwira ntchito, ndipo fayilo yotere ikasowa munthu amavutika kwambiri pa nthawi yopuma ntchito, pofuna kutsimikiza zaka zimene wagwira.

Mulanje ndi limodzi mwa madera olandira mvula yambiri m'dziko muno. Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limatchinga mphepo yachinyezi yochokera kunyanja ya mchere, n'chifukwa chake tiyi amachita bwino m'mbali mwake. Ngakhale m'miyezi yozizira kumagwa chiperoni. Chinyezi chimene tiyi amakonda n'chomwe chimachititsa nkhungu pa mapepala, kufufumitsa matabwa opanikiza ndi kudyetsa dzimbiri chitsulo chopyapyala. Mapepala ounjikidwa pansi m'makatoni amakumananso ndi chiswe, makoswe ndi mphemvu. Chiswe chimayamba kudya pansi pa mulu, moti mwini ofesi amadzazindikira tsiku limene akufuna pepala lakale.

Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anawonjezera vuto lina. Mulanje inali imodzi mwa maboma amene Freddy anawononga kwambiri: madzi ndi matope zinalowa m'nyumba, m'masukulu ndi m'zipatala zina, ndipo sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Pa nthawi yotere chimene chimapulumutsa mabuku n'chakuti ali pamwamba kapena pansi, komanso ngati ali motsekedwa kapena poyera.

Palinso mbali ya lamulo. Malipoti a mkulu wofufuza za ndalama za boma amadandaula kawirikawiri za makhonsolo amene amalephera kuonetsa mavocha ndi malisiti a ndalama zimene anagwiritsa ntchito. Nthawi zina ndi kuba kwenikweni, nthawi zina mapepalawo anangotayika, ndipo ofesi yopanda posungira pabwino imapatsa wakuba pobisalira. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza mauthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, koma ofesi singapereke chikalata chimene chinadyedwa ndi chiswe.

Mbiri ya kagulidwe ka boma

Kugulira pamodzi si kwatsopano m'boma la Malawi. Kwa zaka zambiri ufulu utabwera mu 1964, katundu wogwiritsidwa ntchito m'maofesi onse ankagulidwa mopikula ndi nthambi ya Central Government Stores, ndipo maunduna ankangolemba fomu yopempha. Mankhwala ankadzera ku Central Medical Stores, magalimoto ku PVHO, pamene zogula zikuluzikulu zinkavomerezedwa ndi Central Tender Board. Njirayi inali ndi ubwino wakuti katundu ankakhala wa mtundu umodzi, koma ofesi ya kutali inkatha kudikira nthawi yaitali, kapena kulandira chimene chilipo osati chimene inapempha.

Mu 2003 panabwera lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma. Lamuloli linapereka mphamvu zogula kwa unduna, khonsolo ndi kampani ya boma iliyonse, n'kukhazikitsa ofesi ya ODPP kuti iziyang'anira. Mu 2017 linalowedwa m'malo ndi lamulo lina limene linakhazikitsa bungwe la PPDA ndi kuwonjezera nkhani ya kagulitsidwe ka katundu wakutha wa boma. Mu 2025 panabweranso lamulo latsopano lolowa m'malo mwa la 2017. Pansi pa dongosolo limeneli, malo alionse ogula amakhala ndi ofesi ya zogulagula komanso komiti ya m'kati yovomereza zogula, imene ambiri amangoitchula kuti IPDC.

Choncho dziko linachoka pa wogula mmodzi n'kufika pa ogula ambirimbiri. Kugulira pamodzi kuli pakati pa ziwirizi: ofesi iliyonse imanena yokha chimene ikufuna ndi kulipira kuchokera m'thumba lake, koma kuitanitsa mitengo ndi kusankha wogulitsa kumachitika kamodzi.

Chitsanzo chachikulu chimene chilipo mpaka lero ndi cha mankhwala. Bungwe la Central Medical Stores Trust, lomwe linakhazikitsidwa mu 2010 kuchokera ku nthambi yakale ija, limagulira zipatala zonse za boma, kuphatikizapo za ku Mulanje. Mbiri yake imaonetsa mbali zonse ziwiri. Kugula zambiri kumapatsa wogula mphamvu pokambirana mtengo, koma boma likachedwa kulipira ngongole, kapena ndalama zakunja zikasowa, zipatala zonse zimasowa mankhwala nthawi imodzi.

M'mene zimayendera pa khonsolo

Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi; kusanafike 2022 chinkayamba mu Julayi. Chaka chisanayambe, malo alionse ogula amayenera kulemba ndondomeko ya zonse zimene adzagule. Apa ndi pamene kugulira pamodzi kumayambira kapena kufera. Ngati ofesi ya zogulagula yasonkhanitsa zosowa za nthambi ya maphunziro, ya zaumoyo ndi ya zaulimi n'kuziika pa mzere umodzi, makabati amagulidwa ngati katundu mmodzi wamkulu. Ngati nthambi iliyonse yangokumbukira kabati pakati pa chaka, chitseko cha yakale chitagwa, amagulidwa imodziimodzi.

Kukula kwa ndalama ndi kumene kumasankha njira yogulira. Zinthu za ndalama zochepa zimagulidwa popempha mitengo kwa ogulitsa osachepera atatu, zomwe m'maofesi amati kutenga makotesheni. Za ndalama zambiri zimafuna tenda yolengezedwa poyera, imene aliyense wolembetsedwa angapikisane nawo, ndipo maenvelopu amatsegulidwa pamaso pa opikisanawo. Kugula kwa munthu mmodzi popanda mpikisano kumaloledwa pa zifukwa zochepa zokha. Kabati imodzi nthawi zonse imagwera m'gulu la makotesheni, ndipo njira imeneyi ndi yosavuta kuichita chinyengo, chifukwa munthu mmodzi angathe kubweretsa mapepala atatu a mayina osiyana. Makabati makumi angapo akaphatikizidwa, mtengo wake umakwera n'kufika pofuna tenda, ndipo maso oonerera amachuluka. Mwina ili ndilo phindu lalikulu la kugulira pamodzi, loposa ngakhale kutsika kwa mtengo. Lamulo limaletsa kuduladula dala chogula chimodzi pofuna kuzemba tenda.

Mwachitsanzo, tiyerekeze kuti zoni ina ili ndi sukulu 12, ndipo iliyonse ikufuna makabati awiri. Sukulu iliyonse ikagula yokha, pakhala maulendo 12 ofufuza mitengo, magalimoto 12 onyamula, ndi mitundu ya makabati yosiyanasiyana. Zikagwirizana kudzera kwa mlangizi wa maphunziro wa zoniyo, pakhala oda imodzi ya makabati 24, lole imodzi, ndi muyeso umodzi. Wopanga naye amagula malata, matabwa, mahinjesi ndi maloko mopikula, ndipo sataya zidutswa zambiri podula. Ndalama zimakhalabe za sukulu iliyonse, ndipo komiti ya sukulu iliyonse imayenera kuvomereza ndi kusunga risiti yakeyake.

Pali njira inanso yotchedwa mgwirizano wa nthawi yaitali. Wogula amachititsa mpikisano kamodzi, n'kugwirizana ndi wogulitsa za mtundu wa katundu ndi mtengo wake kwa nyengo yoikika, monga chaka chimodzi. Ofesi iliyonse ikapeza ndalama imangoitanitsa kuchuluka kumene ikufuna. Njirayi imagwirizana ndi m'mene ndalama zimafikira ku makhonsolo, pang'onopang'ono osati zonse pakamodzi.

Katundu akafika ntchito sinathe. Pamayenera kukhala anthu oyendera, osiyana ndi amene anagula, kuti aone ngati wafanana ndi zimene zinalembedwa. Kenako kabati iliyonse imalembedwa nambala ndi kulowetsedwa m'kaundula wa katundu wa boma. Manambala a penti yoyera amene amaoneka pa mipando ndi matebulo a m'maofesi ndi a ntchito imeneyi.

Thabwa kapena chitsulo

Gawo lovuta kwambiri pa kugulira pamodzi ndi kulemba bwino chimene chikufunika. Tenda ikangoti "kabati yachitsulo ya madirowa anayi", wopambana adzakhala amene wabweretsa chitsulo chopyapyala kuposa onse, popeza ndiye wotchipa. Ofesi imodzi ikalakwitsa chotere imataya kabati imodzi. Maofesi makumi atatu akalakwitsira pamodzi amataya makumi atatu. Kwa dera ngati Mulanje, zolembazo zimayenera kutchula kukhuthala kwa chitsulo, mtundu wa penti yoteteza dzimbiri, miyendo yokweza kabati kuti isagunde simenti, ndi loko wopezeka mosavuta akaonongeka. Ngati ndi yamatabwa, zitchule mtundu wa mtengo, kuti thabwalo ndi louma, ndiponso kuti lapakidwa mankhwala a chiswe. Thabwa laliwisi limapindika likamauma, ndipo zitseko zimasiya kutsekeka.

Kale funso la thabwa linali losavuta ku Mulanje. Mkungudza wa m'phiri, umene anthu a kumeneko amautchanso sida, umamera mwachilengedwe m'phiri la Mulanje mokha. Thabwa lake ndi lonunkhira, lopepuka kupala, ndipo chiswe ndi kuola sizilipha msanga. Dzina lake la sayansi ndi Widdringtonia whytei, potengera Alexander Whyte amene anausonkhanitsa m'zaka za m'ma 1890. Atsamunda ankaugwiritsa ntchito pomanga ndi kupanga mipando, ndipo phirilo linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927. Mu 1984 Kamuzu Banda anaulengeza kukhala mtengo wa fuko. Ulemu umenewo sunauteteze ku macheka ndi moto: kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha, ndipo mu 2019 mtengowu unaikidwa pa mndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zamoyo zimene zili pangozi. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi nthambi ya zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira, lakhala likubzala mbande zambiri, koma mkungudza umatenga zaka makumi angapo kuti ufike pocheka. Ofesi ya boma imene lero ingagule kabati ya sida ikhala ikulimbikitsa kudula kosaloledwa.

Mitengo ina yolimba monga mbawa ndi mlombwa nayo ikusowa ndipo ndi yodula. Zotsala ndi paini, bulugamu ndi matabwa opanikiza a kufakitale, monga amene kampani ya Raiply imapanga ku Chikangawa. Paini ndi wopepuka komanso wotchipa, koma chiswe chimamukonda akapanda kupakidwa mankhwala. Matabwa opanikiza amaoneka bwino akadali atsopano, koma akamwa madzi amafufuma n'kusweka. Chitsulo sichidyedwa ndi chiswe, koma malata ake amachokera kunja, kudzera pa madoko a Beira ndi Nacala kapena pa msewu wochokera ku South Africa, kotero mtengo wake umatsatira dola.

Akalipentala ndi owotcherera a m'bomalo

Pa Chitakale, Limbuli, Nkando ndi m'misika ina ya m'bomali muli akalipentala ndi owotcherera zitsulo ambiri, ena mwa iwo ophunzitsidwa kudzera ku TEVETA. Sukulu ikamagula yokha, kawirikawiri ntchito imapita kwa anthu otere, ndipo ndalama zimatsala m'deralo. Hinjesi ikathyoka, wokonza ali pafupi.

Oda ikakula zinthu zimasintha. Wopikisana pa tenda amayenera kukhala wolembetsedwa ku PPDA, kukhala ndi chikalata chosonyeza kuti amalipira msonkho ku MRA, ndiponso kukhala ndi mpamba wogulira zipangizo asanalandire malipiro. Kalipentala wa pansi pa mtengo wa mango sangakwanitse zonsezi, ndipo ntchito imapita kwa kampani ya ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kudzera msewu wa Midima, kapena kwa munthu wa chikwama amene amapambana tenda n'kukalemba ganyu akalipentala omwe aja pa mtengo wotsika.

Boma layesapo kuthetsa vutoli. Mu 2016 linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi yolimbikitsa kugula katundu wopangidwa m'dziko muno. Lamulo la 2017 linali ndi ndime yonena kuti pa mpikisano wa m'dziko muno, magawo 60 pa 100 alionse aziyamba aganiziridwa Amalawi akuda eni nthaka, ndime imene inabweretsa mtsutso waukulu. Mu 2020 panatuluka lamulo laling'ono lopatsa mwayi wapadera mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati, komanso amayi, achinyamata ndi anthu aulumali. Njira ina yololedwa ndi kugawa tenda imodzi m'magawo, mwachitsanzo mashelefu amatabwa paokha ndi makabati achitsulo paokha, kapena gawo la dera la Muloza ndi la dera la Chambe. Izi n'zosiyana ndi kuduladula koletsedwa kuja, chifukwa magawo onse amalengezedwa pamodzi poyera. Amisiri nawo angathe kupanga kopaletivi motsata lamulo la makopaletivi la 1998, n'kupikisana ngati gulu limodzi. Zikatero kugulira pamodzi kumakumana ndi kugulitsira pamodzi.

Zovuta zina

Chachikulu ndi nthawi. Ndalama sizifika ku nthambi zonse tsiku limodzi, ndipo oda ya pamodzi imadikira wochedwa kuposa onse. Boma limadziwikanso ndi kuchedwa kulipira ogulitsa, choncho ena amakweza mtengo dala kuti aphimbe miyezi yodikira.

Kugwa kwa kwacha kumasokoneza migwirizano ya nthawi yaitali. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Wogulitsa amene anagwirizana mtengo wa kabati yachitsulo mu Okutobala 2023 sakanatha kuiperekanso pa mtengo womwewo mu Disembala. Mgwirizano wopanda ndime yosinthira mtengo umathera pa chimodzi mwa ziwiri: wogulitsa kusiya ntchito, kapena kubweretsa katundu wotsika pa zimene analonjeza.

Mayendedwe nawo ndi nkhani. Msewu wochokera ku Mulanje boma kupita ku Muloza ndi wa tala, koma sukulu ndi zipatala zambiri zili m'misewu yafumbi yowoloka mitsinje yotsika m'phiri monga Ruo, Likhubula ndi Thuchila. Mgwirizano ukanena kuti katundu atsitsidwe ku khonsolo, makabati angathe kukhala pakhonde mpaka mvula itatha. N'chifukwa chake ndi bwino kuti mtengo uphatikize kufikitsa katundu pamalo pomwe akagwire ntchito.

M'mayiko ena

Ku Tanzania kuli bungwe la boma la GPSA, limene limakonza migwirizano ya nthawi yaitali ya katundu wogwiritsidwa ntchito m'maofesi onse, ndipo maofesi amaitanitsa kwa ogulitsa amene ali pa mndandanda wake. Ku South Africa nthambi ya National Treasury imakonza makontirakiti amene maunduna ndi zigawo zingapo zimagulirapo. Ku United States kuli mabungwe monga Sourcewell, la ku Minnesota, amene amachititsa mpikisano kamodzi, kenako sukulu, mizinda ndi maofesi ena amagula pa mitengo imene yagwirizanidwayo popanda kuchititsanso tenda yawo. Kabati ya madirowa yoikamo mafayilo choimika inayambira m'dziko lomwelo m'zaka za m'ma 1890, pamene makampani anayamba kusunga makalata m'mafoda m'malo mowamanga m'mabuku.